Mantha ogula ndi tikiti: mmene amayezera kuopsa m'nyumba za Halloween

M'kachipinda kothina ngati bafa la udzu, kuseri kwa khoma la matabwa lopakidwa utoto wakuda, mwaima mnyamata wovala chigoba kumaso. Choonera panja ndi kaboo kamodzi kokha. Pansi pali chopondera chonga cha makina osokera. Kutsidya kwa khomalo anthu akudutsa mondondozana, makosi atalowa m'mapewa, wina atagwira malaya a mnzake kumbuyo. Mnyamatayo akusankha. Woyamba wamuleka, wachiwiri wamulekanso. Wachitatu ndi mayi amene maso ake onse ali pa chidole cholendewera kudenga chakumanzere. Ameneyo ndiye wake. Waponda. Nyali yang'anima, sipika yabangula, thabwa lagwa, iye balamanthu chakumanja! Mayi uja wakuwa, walumpha, kenaka waphulika nako kuseka. Pomwe akuti acheuke, mnyamata wabwerera kale, watseka, diso lili pa kaboo. Usiku usanathe achita zimenezi kambirimbiri mpaka mawu kusasa.

Mnyamatayu ali pa ntchito, ndipo mayi uja walipira ndalama zambiri kuti amuchite zimenezi. Chaka ndi chaka, kuyambira kumapeto kwa Ogasiti kapena mu Sepitembala kukafika pa Halloween, chikondwerero cha mizukwa ndi zoopsa cha pa 31 Okutobala, mapaki akuluakulu a zisangalalo ku America, ku Ulaya ndi ku Asia amasanduka malo ena dzuwa likangolowa. M'zinyumba zazikulu ngati zosungiramo katundu amamangamo tinjira tokhotakhota, n'kutikongoletsa kuti tioneke ngati manda, chipatala chosiyidwa, nkhalango, kapena khitchini ya munthu wodya anzake. Mumalowera khomo lina, n'kutulukira lina patatha mphindi zinayi kapena zisanu. Halloween si mwambo wathu, ndipo ambiri a ife tikamva za mizukwa ndi afiti sitiganiza zogula tikiti. Komabe chimene chimawasowetsa tulo omanga nyumbazi n'chokoma kuchimva ngakhale kwa munthu amene sadzapondako: mantha ogulitsa achuluke mpaka pati, ndipo asiyanesiyane motani?

Knott's Berry Farm, paki ya ku Buena Park m'chigawo cha California, ndiyo inayamba mu 1973 ndi mwambo wa masiku atatu okha, umene lero umatchedwa Knott's Scary Farm. Universal Studios Florida ya ku Orlando inalowamo mu 1991, masiku atatunso, ndi nyumba yoopsa imodzi yokha yotchedwa The Dungeon of Terror. Chaka chotsatira mwambowo anaupatsa dzina loti Halloween Horror Nights. Nyumba ikakhala imodzi palibe chovuta, ingoopseza basi. Koma pofika 2018 nyumba za ku Orlando zinali 10, ndipo mu 2023 mwambowu unachitika masiku 48. Munthu amalowa pageti cha m'ma 6:30 madzulo, amatuluka 2 koloko usiku, mumtima akufuna kuti zonse khumi azilowe. Pagona nkhani ndi pamenepa.

Thupi la munthu silichedwa kuzolowera. Kudzidzimuka sitichita kusankha: phokoso likaphulika, maso amaphethira, khosi limalowa, mawondo amapinda, maganizo asanabwere n'komwe. Kachigawo ka ubongo kotchedwa amygdala kamaliza belu, timadzi ta m'thupi totchedwa adrenaline timathamanga m'magazi, mtima umagunda mpaka kumveka m'makutu. Koma chinthu chomwecho chikabwera kachiwiri, kachitatu, kakhumi, belu lija limalira motsika, motsika, mpaka zii. Amene analondako mpunga kapena mapira akudziwa. Chiopsezo cha nsanza mukachiimika lero mbalame zithawa, mawa ziima patali n'kumachiyang'ana, mkucha zitera pamutu pake. M'nyumba yoyamba munthu amakuwa pakona paliponse. M'yachitatu wayamba kuzindikira kuti nsalu yakuda yolendewera pakhoma ndi pobisalira munthu. M'yachisanu ndi chiwiri akugunda mnzake ndi kasukusuku: "Atulukira apo, taona." Ndipo amatulukiradi pomwepo.

N'chifukwa chake amene amafuula kuti nyumba zonse khumi zikhale zamoto amapempha chinthu chodzipha chokha. Khumi zoopseza mwa njira imodzi zimaopsa pang'ono kuposa zitatu zoopsa zoikidwa pakati pa zina zamtundu wina.

Mawu oti mantha timawagwiritsa ntchito pa zinthu zingapo zimene m'thupi zimamveka mosiyana, ndipo mmisiri wa nyumbazi amazisiyanitsa monga mmene wophika amasiyanitsira mchere ndi tsabola. Kudzidzimuka ndiko kotchipa: munthu mmodzi, kaboo kamodzi, phokoso limodzi. Chakudza sichiimba ng'oma, ndipo luso lonse lagona pa kukopera maso kwina. Chidole cholendewera kudenga chija ntchito yake ndi imeneyo, kuti khosi litembenukire kumanzere pomwe chilombo chili kumanja. Koma kudzidzimuka kumatha ngati moto wa mapesi. Nthumanzi ndi ina. Ndi njira yaitali yopanda kanthu, kumapeto kwake kutaima chinthu chosagwedezeka, chikukuyang'ana, ndipo njira ndi yomweyo, palibe kolambalala. Palibe amene wakuwa, palibe chalira, koma thupi lonse lachita tsemwe. Iyi imakhalitsa, munthu amapita nayo kunyumba, koma imadya nthawi ndi malo.

Palinso kunyansidwa. Timakina tobisika timapopera fungo la nyama yowola kapena la dothi lonyowa. Pomwe chidole chikudulidwa khosi, timadontho ta madzi timakuwazira pamkono. Mumdima amalendeweretsa tizingwe topyapyala tokhudza nkhope ngati ukonde wa kangaude, ndipo tizingwe totchipato nthawi zina timalumphitsa anthu kuposa chilombo chimene anachiumba miyezi. Ndiye kusokonezeka: magalasi, nyali zothwanima zodula kuyenda kwa munthu kukhala zidutswazidutswa, kamlatho kodutsa m'kati mwa mpope wozungulira kamene kamachititsa chizungulire ngakhale iko sikakusuntha, kapena chipinda chodzaza zidole zofanana pomwe chimodzi chokha n'chamoyo. Chotsiriza, chimene okonda zoopsa amachinyoza, ndi nthabwala. Munthu akaseka amamasula mapewa, ndipo womasula mapewa ndi amene amadzidzimuka bwino pakona yotsatira.

Ofufuza anayesapo zimenezi ndi zipangizo. Gulu la ku Aarhus University ku Denmark, m'mene munali Marc Malmdorf Andersen ndi Mathias Clasen, linaveka tizipangizo toyeza kugunda kwa mtima anthu 110 olowa m'nyumba yoopsa ya Dystopia mu mzinda wa Vejle, n'kumawajambulanso ndi makamera. Zotsatira zinatuluka mu 2020. Anapeza kuti chisangalalo chimakwera limodzi ndi mantha kufika pena pake, kenaka mantha akapitirira chimayamba kutsika. Akachepa, munthu amaona ngati waponya ndalama m'madzi. Akachuluka, amangofuna khomo lotulukira. Amene anakulira kumene kuli gule wamkulu akukumbukira ana akubalalika chilombo chikatulukira, n'kubwereranso kudzasuzumira kuseri kwa nkhokwe. Gule si malonda ndipo sindikumufanizira ndi paki ayi. Ndikungonena za miyendo ya anawo, imene imafuna kuthawa ndi kubwerera nthawi imodzi. Mpata wa pakati pa kuthawa ndi kubwerera ndi umene mapakiwa amagulitsa.

Chovuta n'chakuti mpatawo uli posiyana pa munthu aliyense. Kambuzi amene wina amathira supuni yonse, mnzake kungonunkhiza misozi mbwee. Paki yolandira anthu masauzande ambiri usiku umodzi singathire tsabola m'mbale ya aliyense payekha, ndiye imaphika ndiwo khumi. Ina ndi ya magazi ndi mipeni, ina ndi ya nyumba yakale ya mizukwa yokongola ngati chithunzi, ina ndi ya zilombo zakuthambo, ina ndi yoseketsa. Aliyense apezepo ziwiri kapena zitatu zomufika pamtima, ndipo zotsalazo zimupumitse.

Mkanganowu ndi wakale kuposa Halloween ya m'mapaki. Pomanga nyumba ya mizukwa yotchedwa Haunted Mansion ku paki ya Disneyland ku California, amisiri awiri akuluakulu anasiyana maganizo. Claude Coats ankafuna nyumba yachete, ya njira zosaoneka mathero ndi zitseko zopuma ngati zamoyo, yopanda nkhope yoti uiloze chala. Marc Davis ankafuna mizukwa yoseketsa, ya makhalidwe ngati a anthu. Walt Disney, mkulu wa kampaniyo amene akanadula mlandu, anamwalira mu 1966 nkhaniyo isanathe. X Atencio, amene analemba mawu a m'nyumbamo, ndiye analumikiza mbali ziwirizo, ndipo pomwe inatsegulidwa mu 1969 koyambirira kunali kwa Coats, kumapeto kwa Davis, kumanda kumene mizukwa ikuimba ndi kumwa tiyi. Patha zaka zoposa 50 anthu akuimabe pamzere. Chimene chimandigwira mtima ndi dongosolo lake: kuopsa patsogolo, kuseka pambuyo. Akanatembenuza, ana akanamatuluka akulira ndipo makolo sakanabwereranso.

Koma ine ndikaiona bwino nkhaniyi, chimene chimapha mantha m'mapaki akuluakulu si kusinthasintha. Ndi mzere.

Ku Orlando anthu salowa m'timagulu. Amalowa mondondozana mosadukiza ngati linthumbu, chimene okonda mwambowu amachitcha conga line. Chifukwa chake ndi masamu. Panja pali anthu amene aima ola lathunthu, ena maola awiri, ndipo mphindi iliyonse imene khomo latsekedwa mzerewo ukukula. Ndiye chimachitika n'chiyani m'kati? Uli pambuyo pa munthu, ukuona chilombo chikumudumphira iye, ndipo pomwe ukufika pamalopo chikutseka kachitseko kake. Wadziwa pobisalira, mantha wadya mnzako. Amisiri amayesa kuthana nazo poika mabowo atatu kapena anayi m'chipinda chimodzi kuti oopseza azilandizana, wina akamabwerera wina akutuluka. Amawaphunzitsanso kuti azitulukira m'mbali kapena kumbuyo kwa munthu, kuti wodzidzimukayo athawire kutsogolo. Kumutulukira pamaso ndi kumuimitsa, ndipo akaima mmodzi aima onse mpaka pakhomo. M'makona mumaima ogwira ntchito ovala zakuda, kanyali m'manja, akukodola kuti pitirirani. Oopsezawo amakhala magulu awiri osinthana pafupifupi mphindi 45 zilizonse, pakuti palibe amene angalumphe ndi kukuwa usiku wonse ali m'chigoba cha labala m'chifundizi cha ku Florida.

Pamzere wotere, choyamba kufa ndi nthumanzi. Nthumanzi imafuna kuti munthu adzione ali yekha, ndipo sungadzione wekha uli ndi msana wa mlendo pamphuno. Paki imatsala ndi zida ziwiri zimene zimapirira khamu: kudzidzimutsa, ndi kukongola kwa zipinda. N'chifukwa chake kusinthasintha kwa maonekedwe kumakula chaka ndi chaka. Ndi kumene angawonjezere popanda kuchedwetsa mzere.

Yerekezani ndi za ku Fuji-Q Highland, paki ya m'munsi mwa phiri la Fuji ku Japan. Kumeneko kuli nyumba yoopsa yomangidwa ngati chipatala chosiyidwa, njira yake pafupifupi mamita 900, ndipo kuimaliza kumatha kutenga mphindi 50. Anthu amalowa ochepaochepa, tochi m'manja, ndipo m'njiramo muli zitseko zotulukira amene agonja. Nthawi yambiri sikuchitika kanthu, ndipo kusachitika kanthuko ndi kumene kumagonjetsa anthu. Koma nyumba yoteroyo singameze khamu la ku Orlando, ndipo palibe amene angalowe khumi zotero usiku umodzi.

Khamu lilinso ndi ubwino wake, tisalinamizire. Sarah Tashjian ndi anzake a ku yunivesite ya Caltech anayeza thukuta la pakhungu la anthu 156 olowa m'nyumba yoopsa ya The 17th Door ku California, ndipo zimene anafalitsa mu 2022 zinaonetsa kuti munthu akakhala ndi anzake ambiri pagulu, thupi lake limakhala tcheru kwambiri, silikhazikika. Mantha amapatsirana ngati kuyasamula. Mfuu ya mnzako ndi sipika imene paki sinagule.

Pali kusinthasintha kwina kumene kumayambanitsa anthu chaka chilichonse mayina a nyumba akalengezedwa. Ku Universal pafupifupi theka la nyumba limachokera ku mafilimu, makanema a pa TV kapena magemu otchuka, ndipo theka linalo amisiri a pakiyo amapeka okha. Zamafilimu ndizo zimagulitsa matikiti. Munthu amene sanaganizepo zopita akaona pa chikwangwani chilombo chimene amachidziwa, amatulutsa ndalama. Koma chilombo chodziwika chimaopsa pang'ono. Ukudziwa nkhope yake, ukudziwa chipinda chimene chikubwera, ndipo chimene umamva ndi chimwemwe chokumana ndi wodziwana naye. Eni filimuwo amayang'aniranso kuti zinthu zawo zisasinthidwe, choncho mmisiri amagwira ntchito manja atamangidwa. Nyumba zopeka okha zilibe malamulo odziwika, ndiye zimatha kukugwira pamene sumayembekezera, ndipo akale pa mwambowu kawirikawiri amazikonda izi. Kungoti dzina lake silikoka mlendo. Paki ikataya zamafilimu itaya atsopano, ikataya zopeka itaya okhulupirika.

Kunja kwa nyumba nakonso kuli ntchito. Misewu ina ya m'paki amaidzaza utsi ndi oopseza oyendayenda, kuti thupi lisazizire pochoka nyumba ina kupita ina. Ku Knott's kunatchuka otchedwa sliders, ovala zotetezera mawondo ndi tizitsulo m'zala ndi m'nsapato. Amathamanga kuchokera mu utsi, n'kudziponya chogwada, kutsetsereka pa simenti moto ukuthetheka, n'kudzaima pamapazi pako penipeni. Ena amayenda ndi makina odulira mitengo ochotsedwa tcheni: sangacheke ngakhale nthochi, koma kulira kwake ndi fungo la petulo zimathamangitsa akuluakulu a ndevu zawo.

Nanga bwanji osangowonjezera kuopsa kwenikweni? Pali mipanda imene paki singalumphe. Pa 11 Meyi 1984 moto unabuka m'nyumba yotchedwa Haunted Castle ku paki ya Six Flags Great Adventure ku New Jersey, ndipo achinyamata 8 anafera momwemo. Nyumbayo inali ngolo za malole zolumikizidwa, yopanda mipope yothira madzi moto ukabuka. Tangoganizani malo amene mdima, utsi ndi kukuwa ndi zinthu zimene mlendo amaziyembekezera. Angadziwe bwanji kuti izi tsopano si zamasewera? Pambuyo pa ngoziyo malamulo a za moto ku America anakhwimitsidwa pa nyumba zamtunduwu: mipope ya madzi, zizindikiro za potulukira, ndi zipangizo zoti zikamva utsi phokoso losokoneza lizime, nyali ziyake. Choncho mdima wa ndiweyani ndi njira zosocheretsa zenizeni zili ndi malire. M'mapaki akuluakulu a ku America lamulo linanso ndi lakuti woopseza sakhudza mlendo, mlendonso sakhudza woopseza. Ziliko nyumba zina za anthu apadera kumene umasainira chikalata kuti akugwire, akumange, akuthire madzi, koma imeneyo ndi bizinesi ina, ya anthu ochepa.

Mpanda wina ndi mtima wa anthu, umene umasuntha ndi nyengo. Mu 2001, patangopita milungu yochepa chichitikire chiwembu cha zigawenga cha pa 11 Sepitembala ku America, Universal inafewetsa mwambo wake, mpaka m'malo mwa magazi anaikamo zamadzimadzi zobiriwira. Mu 2016 Knott's inatseka chionetsero chotchedwa FearVR: 5150 patangotha masiku ochepa chitsegulireni, omenyera ufulu wa odwala matenda a maganizo atadandaula kuti chikusandutsa odwala kukhala zilombo. Pofuna zachilendo chaka ndi chaka, n'kosavuta kuponda pachilonda cha wina.

Ndiye pali nkhani ya amene aloledwa kulowa. Universal imachenjeza kuti mwambo wake si wa ana osakwana zaka 13. Disney inasankha njira ina kuyambira 1995 ku paki yake ya Magic Kingdom ku Florida, ndi phwando limene dzina lake lenilenilo, Mickey's Not-So-Scary Halloween Party, likulonjeza kuti siloopsa kwenikweni: maswiti, zovala zoseketsa, makombola okongola kumwamba. Mapaki ena, monga Kings Island ku Ohio, amagulitsa mkanda wowala wotchedwa No Boo, kuti oopseza a m'misewu akauona akulambalale. Munthu walipira kuti aopsezedwe, n'kulipiranso kuti asaopsezedwe. N'zoseketsa, koma mkandawo umalola kuti wamantha aperekeze anzake m'malo motsala kuhotela, ndipo paki imapeza tikiti imene ikanaitaya.

Akale pa mwambowu akamadandaula kuti masiku ano sikuopsanso, ndimawamva ndi khutu limodzi. Munthu amene walowa m'nyumba zoposa zana pa zaka khumi wasanduka mbalame ija yotera pamutu pa chiopsezo. Amadziwa kulira kwa chopondera, amaona mzere wa kachitseko pakhoma, amawerenga mapazi a woopseza pansi pa nsalu. Chasintha kwambiri ndi iyeyo. Koma khutu linalo ndimawapatsa, chifukwa kusinthasintha nako kumatha kusanduka chobisalira cha ulesi. Ziliko nyumba zokongola zedi, chipinda chilichonse chodabwitsa, zimene munthu amayendamo ngati ali ku malo osungira zakale, akuyamikira penti. Ikakhala imodzi kapena ziwiri mwa khumi, zimapumitsa. Zikafika zisanu, mwambo wataya mano, ndipo ngakhale wobwera koyamba amamva kuti china chake chasowa. Payenera kukhala nyumba imodzi imene anthu amanong'onezana za iyo pamzere, imene ena amafika pakhomo pake n'kubwerera. Mbiri ya imodziyo imathira mantha m'zinzake zonse, pakuti wolowa m'yoseketsa sakhulupirira kuti ndi yoseketsa mpaka atatuluka.

Mu Ogasiti 2025 Universal inatsegula Horror Unleashed ku Las Vegas, nyumba zoopsa zinayi zotsegula chaka chonse. Kumeneko kulibe Okutobala wothandiza, kulibe miyezi khumi yoti thupi liiwale, ndipo nyumba sizigwetsedwa mu Novembala kuti zimangidwe zatsopano monga zimachitikira ku Orlando. Chimene akudalira ndi mzindawo. Las Vegas imalandira alendo atsopano sabata iliyonse, ndiye mnyamata wa m'kachipinda uja akasuzumira pa kaboo kake, nkhope zambiri zimene akuona sizinadziwebe kuti thabwa limagwera chakumanja.